Mawu a Amayi M'kafoni ka Mabatani

12 Malichi 2003

Okondedwa abambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ndi achemwali. Ine kuno m'tauni ndili bwino, kungoti chimfine sichindichoka chifukwa cha fumbi la pamsewu pomwe ndimaswera tsiku lonse.

Ntchito ndinaipeza. Ndimakhala pansi pa ambulera pafupi ndi depoti ya mabasi, patebulo pali foni, anthu amabwera kudzaimba, ine n'kumayang'ana wotchi ndi kulandirira abwana ndalama. Ndi ntchito yomvera nkhani za eni. Wina akulengeza maliro, wina akunama kuti ali kale m'basi pomwe waima pamaso panga akusenda nthochi.

M'katoni yomwe adalaivala a minibasi akupatseniyi muli foni ya m'manja. Si yatsopano, ndagula kwa munthu, koma ikugwira bwino. Musachite nayo mantha. Kanyanga kali pamwambapo muzikakoka mukafuna kulankhula. Batani lobiriwira ndi loyankhira, lofiira ndi lodulira, enawo musawakhudze. Moto ukatha mupite nayo kwa ometa tsitsi aja, ali ndi batire ya galimoto, akakutchajirani. Isanyowe, ndipo musamaisiye m'shopu mwanu muja pa utuchi.

Abambo, dziko lasintha. Kalata ino ndi yomaliza kukulemberani, chifukwa za masitampa ndi kudikira milungu zatha basi. Ndizikuimbirani Lamlungu masana. Kubwera mwezi uno sindikwanitsa, abwana salola kuti tebulo likhale lokha. Koma musadandaule, tsopano tili pafupi.

Ndine mwana wanu.


4 Meyi 2003

Mwana wanga,

Landira moni wathu. Tili bwino, kupatula msana wanga womwe ukuudziwa kale.

Chinthu chako chinafika. Kulemera kwake ndinayesa wanditumizira nyundo, moti amayi ako anati ndizikhomerako misomali kuti chisamangodya malo. M'nyumba muno sichigwira. M'shopu sichigwira. Chimagwira pa chulu chija cha kuseri kwa sukulu, ndiponso osati paliponse, koma pamwamba penipeni, munthu utatembenukira kotulukira dzuwa.

Lamlungu lija tinakwera tonse atatu, amayi ako akukwawa ndi manja omwe, anthu ambirimbiri ali pambuyo pathu kudzaonerera. Tinadikira mpaka mithunzi inatalika. Utaimba unati, "Muli bwanji, amayi ali bwanji, chabwino, mayunitsi akutha." Basi, chinthucho n'kukhala chete. Ine ndinali nditangotsegula kumene pakamwa. Amayi ako anatsika chulu osamva ngakhale kutsokomola kwako, ndipo njira yonse sanandilankhule ngati ndine ndinadula.

Ndiye iwe ukuti makalata atha. Kwa iwe mwina atha. Ine mawu anga amabwera pang'onopang'ono, ndipo pepala silindiuza kuti mayunitsi akutha. Ndizikulemberabe, kaya uziyankha kaya ayi.

A sukulu andipatsa ntchito ya madesiki, koma matabwa omwe abweretsa ndi aawisi, apindika mvula isanagwe. Denga la shopu likudontha pamwamba penipeni pa benchi yopalirapo. Ukapezako kangachepe utikumbukire. Koma choposa zonse ubwere, amayi ako akufuna aone ngati ukudya.

Bambo ako.


17 Ogasiti 2009

A Injiniya,

Ndamva kuti ndi mmene akukuitanira kumsika kumeneko chiyambire kutumbula mimba za mafoni. Zikomo kwambiri a Injiniya, ife a kumudzi tagwada. Uli bwanji, mlongo wanga? Alamu ndi kamwanako ali bwanji? Ndakulembera kalata chifukwa pafoni umandiyankha uku ukukangana ndi kasitomala, ndipo sindidziwa ngati "ayi, sizingatheke" ameneyo ndi wanga kapena wake.

Kafoni ka mabatani komwe unatumizira amayi kanafika. Ngati sopo wotsala pang'ono kutha kuchepa kwake, koma amayi akukakonda kuposa ife ana awo. Tochi ndi wailesi ndiye zawatenga mtima. Kuimba saimba, amati alibe womuimbira chifukwa iwe umakhala wotanganidwa. Anamanga nsanja ya netiweki pafupi ndi msika, choncho chulu chija chinapuma. Chifoni chako choyamba chija abambo amatsekereza nacho chitseko cha shopu kuti mphepo isamachimenyetse, ndipo akuti ntchito imeneyi ndiye chikuigwira bwino.

Dzana tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Amayi pofuna kuyatsa tochi anadina pena pake, kafoni n'kuyamba kujambula mawu iwo osadziwa. Ndinazipeza ndine pofufuza nambala ya aphunzitsi. Mukumveka amayi akukalipira abambo kuti asiye matabwa adzadye, akuthamangitsa nkhuku, kenako akufunsa kuti kanthuka kakuwala chifukwa chiyani. Atadzimva anagwira pakamwa n'kuti, "Kodi ndimalankhula chonchi ine? Fufutani msanga!" Abambo anakana. Akuti asiyidwe momwemo, ndi umboni woti amazunzika m'nyumba muno.

Tsopano za zoona. Miyendo ya amayi ikutupa, madzulo nsapato sizilowa. Kuchipatala akuti ndi mtima. Iwo sakuuza, akamva mawu ako amangoti ali bwino. Foni iliyonse yatsopano ikatuluka imafika kuno, mwini wake ndiye safika. Ndatopa kuwayankha anthu akamafunsa ngati uli moyo.

Mlongo wako.


9 Novembala 2014

Mlongo wanga,

Uli bwanji? Ife tilipo, mmene amakhalira anthu m'nyumba yomwe mwachoka mayi.

Pa maliro paja sindinafune kukuyankhula pamaso pa anthu. Unafika bokosi litatsekedwa kale, ndipo kumanda matumba ako onse amalira, lina nyimbo iyi lina nyimbo iyo, mpaka abusa anaima kaye kudikira kuti uzimitse. M'mawa mwake unali kale pa minibasi. Sindikukuimba mlandu wa imfa, amayi anadwala nthawi yaitali. Ndikungoti ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo sanandichokebe.

Foni ya tachi yomwe watumizira abambo kuti iziwasangalatsa yafika. Ndi yokongola, koma siwamvera. Zala zawo zinauma ndi matabwa ndi guluu, akakhudza galasilo palibe chochitika. Ine ndikakhudza imatseguka, iwo akakhudza ili duu. Anayesa kunyambita chala, anayesa chala chaching'ono, kenako anandipatsa n'kuti, "Tenga, imeneyi ikuti ine si munthu." Ndikuigwiritsa ntchito ndine.

Iwo anatenga kafoni ka amayi kaja. Ukukumbukira mawu aja anajambulika mwangozi? Alimobe. M'mawa uliwonse asanagwire sowo amakhala pa benchi, n'kukaika pakhutu, n'kumvera amayi akuwakalipira. Akamaliza amakapukuta, n'kukaika m'thumba la malaya, ndiye n'kuyamba ntchito. Amaganiza kuti sindiwaona. Tsiku lina batire inatha usiku magetsi atazima, m'mawa sanapale thabwa ngakhale limodzi, anangokhala pakhomo pa shopu mpaka ndinakatchajitsa.

Chithunzi cha amayi tili nacho chimodzi, chija cha pa ukwati wanga chomwe anatsinzina. Mawu awo ali m'kafoni kokhaka basi. Iwe ndi amene umadziwa zinthu zimenezi. Kodi palibe njira yowasungira penanso? Ndikuopa kuti tsiku lina kadzagwera m'madzi.

Mlongo wako.


30 Novembala 2014

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga nditaimirira chifukwa pano mpando ndinapatsa kasitomala. Zonse mwanenazo ndi zoona, sinditsutsa. Koma inunso mumve zanga.

Inu mumati a Injiniya, koma ine ndimakhala m'kabokosi ka malata, mutu uli pansi pa nyale kuyambira m'mawa mpaka maso kuchita mdima. Utsi wa chowotcherera wandipatsa chifuwa chosatha. Kale foni umaitsegula ndi chikhadabo, batire n'kugwa yokha, vuto n'kuliona ndi maso. Za masiku ano amamata ndi guluu, uyambe wazitenthetsa, ukangolakwitsa pang'ono galasi laphulika, ulipire ndiwe. Chomwe ndinaphunzira chaka chatha chaka chino palibe akuchifuna. Ndikatseka tsiku limodzi makasitomala amapita kwa wa pafupi nane ndipo sabwereranso. Pa maliro paja matumba amalira chifukwa anali mafoni a eni omwe ndinalonjeza kuwapatsa tsiku lomwelo. Ndatopa, achemwali, ndipo sindidziwa kuti ndingamuuze ndani.

Za mawu a amayi ndamva. Kafoni kameneko kalibe kakhadi kosungiramo zinthu, zonse zili m'mutu mwake momwemo, ndiye pafunika ndibwere ndi chingwe chake ndidzawakopere pa kompyuta. Si ntchito yaikulu. Ndikangopeza mpata ndibwera, mwina chaka chikamatha. Pakali pano musakapereke kwa wina aliyense wokonza, anthu ake ndife, ndimatidziwa.

Mupereke moni kwa abambo.

Mlongo wanu.


14 Juni 2019

Mwana wanga,

Moni. Ndikhulupirira iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu anga muli bwino. Kalata ino ndakulungira kafoni ka amayi ako n'kumanga ndi mphira, kuti usagwire kafoniko usanawerenge.

Kadwala. Kuyambira Lachiwiri kakayaka kamangoonetsa chithunzi choyamba chija n'kuima pomwepo. Ndachotsa batire, ndabwezera, ndakaika padzuwa, palibe chasintha. Mlongo wako wakuimbira kangapo koma akuti foni yako imangolira. Sindikudabwa, uli ndi mafoni ambiri oti uwayankhe.

Unanena kale kuti tisakapereke kwa wokonza wina, ndiye ndamvera. Mpata uja unkaufunafuna kuti ubwere ndi chingwe sunapezeke, choncho kafoniko kabwera kokha kwa iwe.

Sindikufuna kuti kaziimba. Sindikufuna chikuto chatsopano, ngakhale mabatani atsopano, manambala anafufutika koma chala changa chimadziwa njira. Ndikufuna mawu a amayi ako okha. Ndine nkhalamba, ndipo mwina useka, koma ndikapanda kuwamva m'mawa tsiku silindiyendera. Masiku anowa ndimangozungulira m'shopu ngati ndataya pensulo.

Chinanso chomwe sindinakuuze. Makutu anga akutseka. Lakumanzere linapita kale, makina opalira aja a kwa anzanga analimaliza. Lakumanja likutsatira. Adokotala akuti palibe chobweza. Ndiye usachedwe nako, ndikufuna ndiwamvereko amayi ako nthawi ikadalipo.

Adalaivala abwereranso kuno Loweruka madzulo, koma ngati ntchitoyo ikufuna masiku, tenga masiku. Usathamange.

Bambo ako.


19 Juni 2019

Achemwali,

Kalata ino muwerenge muli nokha. Pafoni sindikanatha kunena, ndiye chifukwa chake sindikuyankha mukamaimba.

Adalaivala anafika Loweruka masana, nthawi yomwe pawindo panga pamakhala mitu yokhayokha. Anandiponyera kaphukusi n'kuti akunyamuka ikangodzaza minibasi. Ndinamasula mphira, pepala ndinaika m'thumba kuti ndiwerenga ndikapuma. Ndinayatsa kafoniko, ndinaona kaima pa chithunzi choyamba. Matenda amenewa ndimawaona tsiku lililonse, ndipo mankhwala ake ndi amodzi: kulumikiza ku kompyuta n'kuflasha, kutanthauza kufufuta zonse za m'kati n'kuikamo zatsopano. Kasitomala akaima pawindo ndimayamba ndamufunsa ngati muli zofunika. Apa panalibe woima pawindo. Manja anangochita okha zomwe anazolowera. Mumtima ndimati abambo asangalale kuti mwana wawo wawakonzera tsiku lomwelo.

Kanayaka bwinobwino, kakulira kanyimbo kake ngati katsopano. Ndipamene ndinatulutsa kalata ija.

Achemwali, mulibe kanthu. Ndayesa mapulogalamu onse omwe ndili nawo. Ndapita nako kwa mnzanga wina yemwe amatiposa tonse pamsika pano, wakatsegula, wayang'ana, wangopukusa mutu. Mawu a amayi apita, ndipo ndawafufuta ndine, ndi manja angawa. Chingwe chomwe ndinkati ndidzabwera nacho chija ndi chomwecho ndinaflashira, chakhala chili pa msomali pamwamba pa mutu wanga zaka zonsezi.

Adalaivala ndinawauza kuti sikanathe. Chonde abambo muwauze kuti ndikudikira chipangizo china chochokera kunja. Ndipatseni nthawi ndiganize. Sindikugona, ndipo chakudya sichikulowa.

Mlongo wanu.


6 Okutobala 2019

Iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatilera kuti tizipereka moni. Uli bwanji?

Miyezi yapitayi ndakhala ndikunama m'malo mwako. Chipangizo chili m'njira. Chipangizo chafika koma si chake. Chipangizo china chili pa sitima. Bodza lako landikalambitsa, ndipo sindinabadwire zimenezi. Loweruka lililonse abambo amavala malaya oyera n'kukaima pa siteji kudikira minibasi. Adalaivala afika pomawazemba, amaimika galimoto kutsogolo kwa chigayo kuti asakumane nawo maso.

Nditawerenga kalata yako ija ndinapita kuseri kwa nyumba n'kulira ngati maliro ayambiranso. Iwe ukuganiza kuti mawuwo anali a abambo okha? Inenso ndinkaima kuseri kwa chitseko cha shopu m'mawa kuti ndimveko nkhuku zija zikuthamangitsidwa. Ndinafuna kukutukwana, koma ndinapeza kuti mphamvu zake ndilibe. Ndatopa nawe, mlongo wanga, kutopa kwenikweni.

Ukuti tikupatse nthawi uganize. Nthawi yake iti? Khutu lija latsala pang'ono. Kuti andimve ndimachita kukuwa nditaima kumanja kwawo, ndipo dzulo mwana wa aneba anawombetsa chitseko kumbuyo kwawo iwo osatembenuka n'komwe.

Bweza kafoniko. Kaya ubwera nako wekha n'kuwauza zoona uli maso ndi maso, kaya utumiza, koma Loweruka likudzali abambo asakaimenso pa siteji chabe. Ine kuwauza sindiwauza. Wafufuta ndiwe, ukanene ndiwe.

Mlongo wako.


11 Okutobala 2019

Okondedwa abambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani kuti ndachedwetsa, zipangizo za mafoni akalewa zikusowa masiku ano.

Kafoni kaja ndi aka, kakuyaka tsopano. Ndaikamo batire yatsopano. Chikuto ndi mabatani ndasiya momwe zinalili monga munanenera.

M'katonimo mulinso foni ina yaikulu. Imeneyi ndi yoti tizionana nkhope polankhula, achemwali akuonetsani. Ndikanabwera ndekha koma mwezi uno eni malo akweza lendi, ndiye sindingatseke.

Ndine mwana wanu.


27 Okutobala 2019

Mlongo wanga,

Moni. Katoni inafika. Kakalata kako ndinakawerenga abambo atandipatsa, ndipo ndinaona kuti mawu oti "amayi" mulibemo ngakhale pamodzi. Ndiwe katswiri, a Injiniya.

Ndikuuze zomwe zachitika, chifukwa sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Khutu lija linatsekeratu sabata yomweyo, katoni isanafike. Tsopano samva chilichonse, ngakhale sowo yawo yomwe. Timalankhulana ndi manja, kapena ndimalemba ndi pensulo pa chidutswa cha thabwa, koma kwambiri amandiyang'ana pakamwa, ndipo akuzolowera msanga.

Atalandira kafoniko anakatembenuza uku ndi uku, n'kukapukuta ndi malaya. M'mawa mwake ndinaima kuseri kwa chitseko. Anakhala pa benchi, chala chinayenda njira yake ija pa mabatani, n'kukaika pakhutu. Mlongo wanga, m'shopu monse munali zii. Iwo anakhala choncho kwa kanthawi, maso ali pansi, kenako anakaika m'thumba n'kutenga sowo. Tsiku lililonse akuchita chimodzimodzi.

Ndiye ukhoza kupuma. Ugonthi wa abambo ako wakupulumutsa. Sakudziwa, ndipo ine sindiwauza, ndilibe mtima wowalanda ngakhale chabechabe chimenechi.

Foni yoonana nkhope ija tinayesa tsiku lija unaimba. Unaona wekha mmene zinathera. Nkhope yako imangoima, pakamwa pali yasa, kenako n'kudumpha. Abambo anayang'anitsitsa mpaka misozi, n'kundibwezera. Andipempha pepala ndi envulopu, akuti akulembera okha.

Mlongo wako.


3 Novembala 2019

Mwana wanga,

Landira moni wa bambo ako. Thupi lili bwino, ndikudya, ndikugwira ntchito pang'onopang'ono. Dziko langokhala chete, ndipo si zoipa kwenikweni. Anthu ambiri ankanena zomwezomwezo.

Zikomo chifukwa cha kafoni. Batire yatsopanoyi ikukhalitsa.

Tsopano tamvera, ndipo uwerenge mpaka pansi usanagwire china chilichonse. Mlongo wako akuganiza kuti sindikudziwa. Amaima kuseri kwa chitseko m'mawa, mapazi ake ndimawaona pansi pa chitsekocho. Usamuuze, wavutika kale mokwanira, ndipo akamandiona ndili nako pakhutu mtima wake umakhala pansi.

Ine ndagwira matabwa moyo wanga wonse. Thabwa likakhala ndi mng'alu m'kati ndimalidziwa ndi dzanja ndisanalione. Chaka chathachi, makutu atayamba kutseka, mawu a amayi ako sindinkawamvanso bwino. Chomwe ndinkamva ndi kunjenjemera. Akamalankhula, kafonika kankanjenjemera pang'ono pa fupa la tsaya langa, akakweza mawu pothamangitsa nkhuku kankachita ngati kachilombo katsekeredwa m'dzanja. Ndinkadziwa kuti apa akundikalipira, apa akuseka. N'chifukwa chake sindinkaopa kwambiri ugonthi, ndinkati tsaya lindikwanira.

Tsiku loyamba lomwe ndinakaika pakhutu, kanali phee. Ndinadziwa pomwepo. Ndinadziwanso chifukwa chake chipangizo chija chinakwera sitima miyezi yonseyi.

Sindikufunsa kuti zinatheka bwanji. Inenso ndinadulapo thabwa la mwini molakwika chifukwa dzanja linathamangira mutu. Ndinakwiya, usaganize kuti sindinakwiye. Masiku angapo dzina lako sindinafune kuliona pakamwa pa mlongo wako. Zandipweteka kuposa mmene ndingalembere. Koma mkwiyo umafuna mphamvu, ndipo zanga ndikusungira zina.

Mawuwo ndinawaloweza. Ndikulembera pano kuti akhale penanso, poti pepala silifuna chingwe. Amayi ako anati: "Inu abambo ake, kodi matabwawo ndiye akazi anu? Bwerani mudye chisanazizire, ine sinditenthetsanso kawiri. Shii! Nkhuku izi, mwiniwake ali pompo koma ngati zamasiye. Mwanayo waimba? Sanaimbe? Musiyeni, akatopa abwera. Aa, kodi kanthuka kakuwala chifukwa chiyani? Ndakhudza pati ine?" Kenako anaseka, n'kuthera pomwepo.

Pakati apo mlongo wako sankapatchula pokuuza, ankaopa kukukhumudwitsa. Ine ndapamva m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu.

Unatitumizira ya kanyanga, ya tochi, ya galasi, tsopano iyi ya nkhope. Iliyonse inkabwera ndi lonjezo loti tsopano tili pafupi. Usatumizenso ina, mwana wanga. Ngakhale atapanga yotani, ine sindidzakumvanso. Njira yomwe yanditsalira yomvera munthu ndi kumuyang'ana pakamwa ali pafupi, pa kuwala, akulankhula pang'onopang'ono. Pagalasi paja milomo yako imadumpha, sindinagwirepo liwu ngakhale limodzi.

Mlongo wako anandionetsa kale kalata ina yomwe unalemba kuti watopa ndipo ulibe womuuza. Amayi ako anati ukatopa ubwera. Benchi ilipo, ndaikokera pafupi ndi khomo pomwe pamawala bwino m'mawa. Udzakhale apo undiuze chilichonse chomwe ukufuna, ngakhale za kafonika, ngakhale za lendi. Maso anga akadali bwino, koma nawonso ndi a zaka zomwezi.

Loweruka ndidzakhala pa siteji. Adalaivala uwauze asakaimenso ku chigayo.

Bambo ako.